Mkono wa a Vitus

A Vitus anayeza mvula ku Phalombe zaka makumi atatu. Chida chawo chinali chitini chamkuwa choimikidwa pabwalo. Chaka china mvula itachedwa, anthu anabwera ndi zibonga, nati chitinicho n'chimene akumangira mvula. Anawathyola mkono wamanzere. Mpaka lero suwongoka.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo Mtisunge anawatengera ku Nairobi. Ankakhala ku Ruaka, pansanjika yachisanu. Chiswahili anaphunzirako chongoimitsira matatu, maminibasi a kumeneko. Kumudzi kunatsala mlongo wawo, a Deborah, wamasiye wokalamba, wokhala yekha.

Mkamwini wawo, Chancellor, ankagwira ntchito kubungwe lina ku Gigiri. Nkhani yake inali imodzi: madzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko akusungunuka chaka ndi chaka, ndiye akatswiri ena akuganiza zopopera fumbi m'mlengalenga kuti dzuwa lichepe mphamvu. Tsiku lina anajambulitsa pamsonkhano, naika chithunzicho pa foni, pagulu la abale. Pansi pake analemba kuti, "Tili pa ntchito yotchinga dzuwa."

Disembala anafika pakati, ku Phalombe kulibe ndi dontho lomwe. A Deborah anaimba foni. Pachitsime anthu asiya kuwapatsa moni. Denga lagendedwa kawiri. Akuti mkamwini wa kwa Vitus watseka kumwamba, ndipo nkhalamba Deborah ikudziwapo kanthu.

A Vitus anamupeza Chancellor patebulo.

"Apongozi, madzi oundanawo munawaonapo?"

"Pazithunzi za setilaiti, bambo. Akutha ndithu."

"Kutha sindikutsutsa. Ine ndinkayeza, ndikudziwa kuti nyengo yasokonekera. Koma fumbi lanulo likakankha mvula ya kwathu, mudzaibweza ndi chiyani?"

"Palibe chimene tapopera. Ndi kafukufuku chabe."

"Ndiye munalemberanji kuti mukutchinga dzuwa?"

Chancellor anaseka. "Kunali kucheza. Sindingayankhire umbuli wa anthu akumudzi."

"Umbuliwo uli ndi zibonga," anatero a Vitus, nagoneka mkono wopindikawo patebulo pafupi ndi mbale yake. "Jambulani mawu. Muwauze kuti munanama, ntchito yanu ndi yolemba mapepala."

"Ine ndidzinyoze pamaso pa abale onse? Ayi."

"Ababa, mukumuchititsa manyazi m'nyumba mwake," anatero Mtisunge.

"Azakhali ako ali ndi nyumba yaudzu. Machesi ndi otchipa."

A Vitus anadikira masiku awiri. Chancellor anangofufuta chithunzicho, chimene chinali chitafika kale m'mafoni a mudzi wonse. Mawu sanajambule. M'nyumbamo anthu ankadutsana ngati pa depoti.

M'mawa wa tsiku lachitatu a Vitus analongedza chikwama. Mtisunge anaima pakhomo.

"Masiku atatu pa basi, ndi msana wanuwo? Mukakafika mukachita chiyani?"

"Ndikakhala pakhonde. Akafuna womanga mvula, wakale uja alipo. Amusiye Deborah."

Chancellor anatulutsa makiyi a galimoto kuti awaperekeze. A Vitus sanamuyang'ane n'komwe. Anatsika masitepe okha, nakwera matatu ya m'tauni.

Ali ku Phalombe mpaka pano. Mvula inagwa Januwale, yochepa. Nyumba ya a Deborah ikadali chiimire. Mtisunge akaimba amayankha. Akamva mawu a mkamwini, amapereka foni kwa mlongo wawo.