Chitedze cha Kuseri kwa Phiri

Phiri la kwathu, kufupi ndi Chikweo, si lalitali. Munthu akanyamuka dzuwa likutuluka, amakafika pamwamba mame asanaume. Ine ndinayamba kulikwera ndili wamng'ono, nkhata m'manja, kutsatira amayi kokatola nkhuni. Mng'ono wanga sankapita nawo. Iye anali wa mabuku, ndipo amayi ankati mutu wosenza sukulu usasenzenso mtolo. Anaphunziradi, n'kupeza ntchito ya boma ku Liwonde, n'kukwatiwa ndi mphunzitsi wa sekondale. Ine ndinatsala pamudzi, kulima chinangwa ndi thonje, ndi mwana wanga mmodzi wamkazi. Bambo ake anapita ku Joni mwanayo akuyamba Sitandade 1. Pa nthawi ndikunenayi anali mu Sitandade 7, iwo asanabwereko kumudzi ngakhale kamodzi.

Chaka chimenecho achinyamata a kutchalitchi kwathu analambula njira yokwera phirilo kuti tizichitirako Njira ya Mtanda. Anakumba masitepe pamalo otsetsereka, anapaka laimu miyala ya m'mbali, n'kuika mabenchi ansungwi pansi pa mitengo. Njirayo inafewa moti ngakhale okalamba andodo ankakwera. Posakhalitsa anthu a m'tauni anaimva. Loweruka tinkaona magalimoto ataima pasukulu, eni ake atavala zipewa, akukwera phiri popanda chimene akukatenga. Ife kumjigo tinkaseka mpaka misozi.

Ndiye mwezi wa Julaye mng'ono wanga anaimba foni.

"Achemwali, tikubwera Loweruka ndi ana. Tikufuna tikwere phiri lija. Mudzatiperekeze."

"Nawenso wayamba misala imeneyi?"

"Si misala iyayi. Ana aone kumene ndinakulira."

Ndinafuna kumufunsa kuti m'phirimo anakuliramo liti, koma ndinangoti abwere.

Anafika m'mawa pa galimoto yawo yaing'ono: iyeyo, alamu anga, mwana wawo wamwamuna wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi kamtsikana ka zaka zitatu. Anamubweretsera mwana wanga nsapato zamasewera zoyera ndi chipewa. Anazivala pomwepo, n'kumayenda chonyang'ama pabwalo kuopa fumbi. Ine ndinali ndi patapata wanga wa masiku onse.

Tisanayambe n'komwe kukwera, chingwe cha nsapato ya mng'ono wanga chinamasuka. Alamu anagwada pafumbi, pamaso pa anthu ochokera kumjigo, n'kumumanga. Sanachite manyazi, ndipo iye sanathokoze, kusonyeza kuti n'zozolowereka kwawo. Chikwama cha madzi ndi zakudya anabereka ndi iwo. Kamtsikana kaja katatopa, anakanyamula pakhosi, miyendo ikulendewera pachifuwa pawo. Ine ndinali pambuyo, ndikuyesa kukumbukira ngati mwamuna wanga ananditengerako kanthu kalikonse tikuyenda. Chimene ndinakumbukira n'chakuti ankayenda patsogolo, wailesi m'manja.

Pa benchi iliyonse ankaima. Alamu ankatola mwala n'kufotokozera ana mmene unapangidwira. Mitengo ankaitchula m'Chingerezi. Ine ndinkadziwa kuti uwu nkhuni zake zimafuka utsi, uwo makungwa ake amaletsa m'mimba, koma palibe anandifunsa. Mwana wanga anakakamira pambali pawo.

"Bambo aang'ono, nanga ichi? Bambo aang'ono, nanga uko?"

Mawu akuti bambo ankatuluka mosavuta pakamwa pake, ndipo nthawi iliyonse ankandilasa.

Pamwamba, pafupi ndi mtanda, mphepo inali yozizira. Kum'mawa nyanja ya Chiuta inkaoneka ngati lata loiwalika padambo. Mng'ono wanga anayala chitenje, n'kutulutsa buledi wopaka kale majarini, mazira owiritsa ndi nthochi. Ine ndinali nditakwera phirili kosawerengeka, koma ndinali ndisanakhalepo pansi pamwamba pake. Munthu wa nkhuni sakhala pansi.

"Amayi," anatero mwana wanga, dzira lili m'kamwa, "bwanji ife sitibwera kuno kudzangokhala?"

"Ukhala, ntchito akugwirira ndani?"

Mng'ono wanga anaseka. "Musiyeni, achemwali. Ndamuuza kuti akakhoza Sitandade 8 adzabwere kwathu, azikaphunzira ku Liwonde."

Anali atamuuza kale. Ine mayi wake ndinali kumva koyamba.

Kenaka alamu anandipatsira foni. "Alamu, tatijambulani. Mungodina apa."

Anaima pansi pa mtanda, n'kuitana mwana wanga kuti alowe pakati. Ndinayang'ana pagalasi la foniyo. Ndinaona bambo, mayi ndi ana atatu, onse m'zipewa, onse m'nsapato zoyera, onse akumwetulira. Panalibe malo oonetsa kuti pakusowa munthu. Ndinadina. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Palibe anakumbuka kunena kuti nanenso ndiimepo.

Potsika, mng'ono wanga anafunsa ngati pali njira ina, kuti ana aone zatsopano.

"Ilipo yathu yakale ya nkhuni," ndinatero. "Yodzera kuseri, kukhwawa."

Njira imeneyo ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Ndinkadziwanso kuti pamene imapanikizika pakati pa miyala iwiri, chitedze chimayanga m'mitengo, ndipo mwezi wa Julaye chimakhala chitauma, ubweya wake woyabwa uja ukungodikira woukhudza. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinaganiza za manja osalala a mng'ono wanga, ndipo ndinafuna kumuona akudzikanda, akudumphadumpha m'nsapato zakezo, adziwe kuti phiri si paki.

"Tsogola iwe," ndinamuuza. "Si kwanu kuno?"

Anatsogola akuimba nyimbo ya kwaya. Alamu anamutsatira, kamtsikana kali pakhosi. Ana akuluwo anatsalira m'mbuyo mwanga, akuonerera zithunzi pafoni. Titafika pamiyala paja, mng'ono wanga anawerama pang'ono, n'kudutsa osakhudza kanthu. Ndipamene ndinaona chimene sindinachiganizire: mutu wa kamtsikana kaja unali pa msinkhu weniweni wa nthambizo. Kanaona tizipatso tofiirira taubweya tikulendewera, kanatambasula manja onse awiri.

Ndinakuwa, koma kanali katagwira kale, n'kudzipukutira kumaso.

Kulira kwake sindidzakuiwala. Alamu anakatsitsa msangamsanga, nawonso khosi litayamba kuwayabwa, n'kutsegula botolo kuti akathire madzi.

"Iyayi! Madzi ayi!" ndinawalanda mwanayo. Ndinamuvula malaya, ndinatapa dothi louma la pachulu, n'kuyamba kumupukuta m'manja, m'khosi, m'masaya, ndikutchinga maso ndi chala. Ankaphiriphitha, akuitana amayi ake. Manja anga anayamba kuyaka, koma sindinasiye. Mng'ono wanga anagwada pambali panga.

Mwana wanga anafika akuthamanga. Anayang'ana m'mitengo, n'kuyang'ana ine.

"Amayi, si inu munandiletsa kudzera njira ino mpaka tchire litapsa? Munati kuli chitedze."

Sananene mwachipongwe. Ankangofunsa. Alamu sanamve, anali kalikiliki kudzikanda. Mng'ono wanga anamva. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Kamtsikanako ndinakabereka ndi chitenje changa mpaka kumudzi. Kanalira mpaka kukhwawa, kenaka kanangosisima, n'kugona, tsaya lotupa lili pamsana panga. Kunyumba tinakasambitsa ndi madzi ofunda n'kukadzoza mafuta. Pofika masana kanali kakuthamangitsa anapiye.

Polowa m'galimoto, alamu anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Alamu, pakanapanda inu sindikudziwa tikanatani. Zikomo kwambiri." Ndikanakonda akanandimenya mbama. Mng'ono wanga anatsazika amayi, anakumbatira mwana wanga, ine anangondigwedezera mutu.

Miyezi itatu sanandiimbire. Akafuna kumva za amayi, ankaimbira oyandikana nawo nyumba. Nanenso sindinaimbe. Ndinkaulula machimo ena kwa ansembe, ili n'kulisiya.

Chaka chotsatira mwana wanga anakhoza. Uthenga unabwera kudzera kwa alamu, woti malo alipo, bedi agula kale. Ndinalimbana nazo sabata yathunthu. Nsanje inali isanathe, ndipo mpaka lero siinatheretu, koma sindinapeze chifukwa chomukaniza chimene ndikanatha kuchitchula mokweza. Ndinamuperekeza ndekha pa minibasi, ndi thumba la ufa ndi nkhuku yomanga miyendo.

Ku Liwonde ndinapeza mng'ono wanga kukhitchini, akukonza nsomba. Ana anatengana kukaona chipinda. Tinatsala awiri, kwa nthawi yoyamba chichokereni kuphiri.

"Ndinkadziwa," ndinatero.

"Ndikudziwa kuti munkadziwa."

"Sindinkafuna mwana. Ndinkafuna chikuyabwe iweyo."

Anasiya mpeni. "Ndinakulakwirani chiyani, achemwali?"

Ndinafufuza mumtima mwanga. Munalibe mlandu ngakhale umodzi woti n'kuuimika pabwalo.

"Palibe," ndinayankha. "Zinthu zinangokuyendera."

Anayang'ana nsomba zija. Maso ake anafiira, koma sanalire, ndipo sananene kuti wandikhululukira. Anakoka mpando ndi phazi, n'kuukankhira kwa ine, kenaka anandipatsira mbale ya tomato ndi anyezi.

"Dulani izi. Basi ya masana yakusiyani kale, mugona konkuno."