Mgolo wa ukwati unathera pa Garo

Anzanga, ine ndi Milutin anatikumanitsa ndi galu wakuba.

Kunali pamsika wa ku Čačak, kwathu ku Serbia, pafupi ndi kashopu kanga kokonzera mafoni. Garo, galu wanga wakuda bii, anatsomphola burek, chitumbuwa cha nyama, m'manja mwa mnyamata wina wamtali n'kumeza osatafuna.

"Chemwali, mwana wanuyu simumudyetsa?"

"Inuyo chakudya mumachigwira ngati mukupereka nsembe, mumati atani?"

Anaseka mpaka misozi. Pakamwa panga mumapadziwa, amuna ambiri amathawa. Koma uyu mawa lake anabwera ndi maburek awiri.

"Uyu ndi wa bwana, uyu ndi wa mlonda wake wolusa."

Basi anzanga, ndinagwa chagada!

Tinakondana bwinobwino kupitirira chaka. Tsiku lina ndikumusisita Garo ndinamva zotupa pakhosi pake. Dokotala wa ziweto sanazungulire: khansa. Mankhwala a dilipu analipo, koma mtengo wake... ngakhale nditagulitsa shopu ndi mipando yomwe sizikanakwana.

"Mwina timugoneke, asavutike," anatero dokotala.

"Mugone ndinu!"

Ndinamenyetsa chitseko. Garo ndinamutola m'ngalande ali kamwana, mwezi umene mayi anga anamwalira. Wachibale wina ndilibe.

Patapita masiku Milutin anandipeza ndikulira pashopu.

"Zorana, siya kukalipira madokotala. Lolemba upite naye, zalipiridwa."

"Walipira ndani?"

"Kabungwe kena kothandiza agalu. Usafunse dzina, ungakakakalipirenso."

Ndinakhulupirira. Garo anaonda, anasanza, miyendo inkanjenjemera. Milutin ankamunyamula pamasitepe ngati khanda mpaka kuchipinda changa chapamwamba, kwinaku akumunena, "Bwana, ukulemera ngati nduna!"

Pang'onopang'ono zotupa zinaphwa.

Mu Disembala anandiitanira kumudzi kwawo ku slava, phwando la woyera wa banja lawo. Tili patebulo, amalume ake, a Stanoje, atakhuta, anamenya tambula ndi foloko.

"Iwe Milutin, katunge pang'ono mumgolo wa bambo ako tilawe! Mkwatibwi si uyu wakhala apayu?"

Kwathu kuno mwana wamwamuna akabadwa, bambo ake amasunga mgolo wa rakija, kachasu wa maplamu, ndipo sutsegulidwa mpaka tsiku la ukwati wake. Bambo a Milutin anamwalira kale, chimene anamusiyira ndi mgolowo.



"Mgolo uti, achimwene?" anatero mayi ake a Milutin, maso ali pa ine. "Anagulitsa kumalo odyera a ku Belgrade. Wamwa ndi galu."

Ndinamukokera panja, chipale chofewa chikugwa.

"Kabungwe eti? Wabodza iwe!"

"Ndikanakuuza ukanalola?"

"Ayi! Nanga paukwati wathu anthu adzamwa chiyani, madzi a pampopi?"

Ndinkayembekeza kuti aseka. Anangoyang'ana nsapato zake.

"Zorana... ukwati sipakhala. Januwale ndikupita ku Germany, ntchito ndinaipeza kalekale, ndipo zobwerera palibe. Ndimafuna ndikusiye uli ndi wina wokudikirira pakhomo."

"Unandifunsa ngati ndingapite nawe?"

"Sindinafune kuti upite nane."

Eeh! Mawu amenewo, anzanga, mpaka lero amandibaya. Ndinamutukwana mpaka agalu a m'mudzimo anayamba kuuwa.  Iye anandiperekeza pa basi, n'kundimangirira sikafu yake m'khosi ngati palibe chachitika.

Anapitadi.

Sabata yathayi tinapita kukapimitsa. Dokotala yemwe uja, amene ndinamupepesa ndi keke, wati magazi ali bwino. Sanalonjeze zambiri, mwina chaka, mwina ziwiri. Ine ndalandira ndi manja awiri. Pamene ndikulemba pano Garo wagona pamapazi anga, akuliza mkonono ngati thirakitala.

Ena mwa inu mumandilembera kuti mwamunayo anali chilombo. Musamunene choncho pamaso panga. Anandinamiza kawiri. Bodza lina linandiswa mtima, linalo ndi limene likupuma pamapazi angawa. Munthu akhoza kukupatsa chinthu chodula kwambiri chimene ali nacho, koma mtima wake n'kuusunga. Muzifunsa, anzanga, musamangowerenga mphatso.

Milutin, ngati ukuwerenga kumeneko: sindinakukhululukire.

Koma zikomo, chitsiru iwe.