Bulauzi ya Amai Njobvu

Amai Everlyn Njobvu anafika ku Kabwe m'chaka cha 1958, tawuni ikadatchedwa Broken Hill. Anakwera lole kuchokera ku Petauke, kutsata amuna awo amene anali atapeza ntchito pansi pa mgodi. Anabereka mwana mmodzi, Febian, amene atakula anapita kukagwira ntchito ku Ndola. Amuna awo atamwalira mu 1971, iwo anasamukira m'kanyumba ka njerwa zosaotcha kumapeto kwa komboni ya Chowa, kumene fumbi la mulu wa mgodi limagwera pa zovala zoyanika. Ankagulitsa tomato ndi kapenta pakhomo. Anali aatali, a mapewa otambalala, osalankhulalankhula.

Ntchito yawo mu mpingo wathu inali yosambitsa mitembo ya akazi. Palibe anawasankha. Bwalo la akulu a mpingo limasankha mlembi, limasankha ngakhale woliza belu, koma wosambitsa maliro sasankhidwa. Amangopezeka tsiku lina ataima pafupi ndi beseni pamene ena onse atuluka panja kukalira, ndipo kuyambira pamenepo anthu amadziwa khomo loti agogode.

Zaka zimenezo sopo anali wosowa. Tinkaima pamzere kusitolo kuyambira m'mawa, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Amai Njobvu akapeza mtanda umodzi wa sopo ankaudula pakati, theka la zovala zawo, theka la akufa. Madzi ankawatenthetsa kunyumba pa mbaula n'kuwasenza m'chigubu mpaka kumochale, chifukwa a pampopi wa kumeneko anali ozizira. Posambitsa ankalankhula ndi womwalirayo motsitsa mawu: "Pepani amai, ndikutembenuzeni pang'ono. Dzanja lija tsopano."

Lamlungu lililonse mlembi wa mpingo, a Langford Miti, ankaima kutsogolo ndi buku lakuda n'kuwerenga zolengeza: ana obatizidwa, maukwati, makalata a osamuka, odwala amene ali m'chipatala, ndi zikomo kwa bambo amene abwereketsa lole pa maliro. Ndinamvetsera zolengezazo zaka zambiri. Dzina la Amai Njobvu sindinalimvemo.

Ine ndinayamba kuwagwirira beseni mu 1976. Anandiona ndikudula zikhadabo za apongozi anga odwala, nati, "Amake Robson, manja anu sanjenjemera. Mubwere Lachiwiri." Ndinapita.

Tonse awiri tinali a Chigwirizano cha amai, chimene chimakumana Lachinayi masana. Mwambo wathu ndi wakuti mai wa Chigwirizano akamwalira amavekedwa yunifolomu yake, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, ndipo anzake amamuperekeza ndi nyimbo kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda. Koma womwalira ali pa chilango salowa m'tchalitchi, savala yunifolomu, saimbiridwa. Mkulu wa mpingo mmodzi amapemphera mwachidule pamanda, anthu n'kubalalika.

Annet Sakala ndiye anali woyambitsa nyimbo wathu. Mawu ake ankatuluka osasa pang'ono poyamba, kenaka n'kukwera bwino mpaka malata kulira. Ankakonda kukhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi zenera. Mwamuna wake atathawira ku Kopala, kumigodi ya kopa, n'kumusiyira ana anayi, Annet anayamba kutcheza kachasu. Bwalo linamuika pa chilango, yunifolomu anakaibweza kwa Amai Abusa. Sanasiye kachasuyo, poti ana sanasiye kudya. Anamwalira mu Novembala 1979.

M'mawa wa tsiku la maliro ake tinali atatu m'kachipinda ka kumochale: Amai Njobvu, ine, ndi Annet atagona pa simenti. Abale ake anali atabweretsa diresi lofwifwa long'ambika m'khosi. Titamaliza kumusambitsa, Amai Njobvu analiyang'ana diresilo, naliika pambali. Anavundukula dengu lawo, natulutsa bulauzi yawo ya Chigwirizano, yosita bwino.

"Amake Febian," ndinatero, "nanga akulu akamva?"

"Mwaona chiyani inu? Inu mwagwira beseni chabe. Kwezani mkonowo."

Ndinakweza. Bulauziyo inamukulira Annet, koma anaipinda kumsana. Pamwamba anamufunditsa nsalu mpaka pachibwano, kuti oona nkhope aone nkhope yokha. Tinamuika popanda nyimbo.

Lachinayi lotsatira tinakumana monga mwa masiku onse, amai makumi awiri ndi atatu, dzuwa likuotcha malata. Chichokereni Annet, nyimbo ankayambitsa Amai Lyness Daka, mai wanthabwala amene ankavomera yekha kuti mawu ake ndi oitanira nkhuku. Amai Abusa anatchula nambala ya nyimbo. Ine ndinali pafupi ndi Amai Lyness ndipo ndinawaona akadatsegula masamba a buku, chala chili pakamwa. Nyimboyo inayamba. Inayambira kumbuyo kwathu, cha kuzenera, mawu osasa pang'ono amene anakwera bwino pa mzere wachiwiri. Tonse tinalandira, chifukwa nyimbo ikayambika imalandiridwa. Tinaimba ndime zonse zinayi.

"Zikomo Amai Daka," anatero Amai Abusa. "Lero mwayamba bwino."

"Ine? Awe mukwai. Ine ndimayesa ndi amake Robson."

"Ine sindiyambitsa nyimbo," ndinatero.

Tinacheuka tonse. Pa benchi ya kumbuyo panali matsache awiri ndi chitini cha mankhwala opaka pansi.

"Ngati ndi mngelo alembetse dzina," anatero Amai Lyness, "azibwera kudzasesa nafe Loweruka." Awiri okha ndiwo anaseka, ndipo sanaseke nthawi yaitali.

Ndikulemba zimene ndinamva ndi makutu anga, sindikuwonjezera. Zinachitikanso Lachinayi lachiwiri, ndi lachitatu. Sitinakambirane. Tinangoyamba kuthinana pa mabenchi atatu a kutsogolo, ndipo wosesa ankafika pa zenera lija mofulumira, osayang'ana kumbali. Amai ena anasiya kubwera, ati miyendo ikuwawa.

Nthawi yomweyo anthu anaona kuti Amai Njobvu akubwera atavala diresi wamba. Tsiku lina tikutuluka, Amai Lyness anawakoka chitenge.

"Amake Febian, manje bulauzi mwasinthanitsa ndi botolo la mafuta a saladi? Mutiuze sitolo yake, nafenso tikavule."

"Ilipo," anayankha Amai Njobvu. "Ikuvalidwa."

Amai Lyness anasiya chitengecho. Amai Abusa, amene anali akutseka zenera, anaima dzanja lili m'mwamba.

Bwalo linaitana Amai Njobvu mu Febuluwale. Ine ndinali panja, ndikuzula udzu pansi pa zenera la chipinda cha akulu, ntchito imene sinali yofulumira tsiku limenelo. Ndinamva mawu a a Miti.

"Amai, munali ndi ndani m'chipinda cha kumochale chija?"

"Ndinali ndi Annet."

"Ndikunena wamoyo."

"Lembani ine, ba Miti. Bulauzi inali yanga."

"Mukudziwa kuti munaveka yunifolomu munthu wa pa chilango?"

"Ndinaveka munthu amene anaimbira amai anu kuchokera pano mpaka kumanda, mvula ikugwa. Ndinawasambitsa ndine, mukumbukira."

Ine ndinali ndi udzu m'manja. Ndikadatha kugogoda n'kunena kuti mkono ndinakweza ndine. Sindinagogode.

Lamlungu lotsatira a Miti anawerenga zolengeza. Pakati pa kalata ya banja losamukira ku Kapiri ndi pempho la njerwa za chimbudzi, anawerenga kuti Amai Everlyn Njobvu aikidwa pa chilango cha miyezi isanu ndi umodzi, osadya Mgonero, osakhala nawo m'Chigwirizano. Aka kanali koyamba kumva dzina lawo likuchokera m'buku lakuda lija. Iwo anali atakhala pamalo pawo, manja pamaondo.

Lachinayi la sabata imeneyo Amai Abusa anatchula nambala ya nyimbo, ndipo tonse tinakhala chete. Tinali titazolowera kudikira. Tinadikira mpaka tinamva njinga ikudutsa pamsewu, ndi mbuzi kutali. Kumbuyo sikunachoke mawu. Pomaliza Amai Lyness anayamba okha, motsika kwambiri, ndipo nyimboyo inatifera pakati. Mawu aja sanamvekenso. Ndinaona kuti amai ankaopa chete ameneyu kuposa mmene ankaopera mawuwo.

M'miyezi ya chilangoyo munamwalira akazi anayi a mu mpingo. Pa woyambayo anthu anayang'anana, osadziwa chochita. Kenaka a Miti eni ake anapalasa njinga mpaka kumapeto kwa Chowa, naima pa mpanda chipewa chili m'manja.

"Amai, akulu akuti chilango sichikhudza ntchito iyi."

"Ndinadziwa," anatero Amai Njobvu, naika madzi pa mbaula.

Anasambitsa onse anayiwo, nawaveka mayunifolomu awo, nawamanga maduku bwinobwino. Pamaliro ankayenda kumbuyo kwenikweni, osaimba.

Mu Juni anayamba kutsokomola. Ndinkapita masana kukawatungira madzi ndi kuwasesera. Tsiku lina ndinawapeza atakhala padzuwa, atafunda bulangeti.

"Kufa sindikuopa, amake Robson," anatero. "Ndaona ambiri, onse anagona bwino. Chimene chikundivuta ndi kupita m'chitenge, mwakachetechete, ngati munthu amene amuthamangitsa panyumba ya lendi. Ndaveka anzanga makumi angati? Ndinkati nanenso tsiku langa ndidzaoneka bwino."

"Kwatsala pang'ono. Ogasiti ali pafupi, adzakubwezerani."

"Chifuwa ichi sichiwerenga miyezi ya ba Miti."

Ndinafunafuna nsalu yoyera m'masitolo onse a m'tawuni, sindinaipeze. Ndinawauza kuti ndidzawaveka yanga. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu kathupi kameneka? Idzangofika mkono umodzi. Ndiponso muli ndi ana a sukulu, musadzilowetse m'bwalo. Mudzandiveke chimene mudzapeze m'tiranki."

Anamwalira Lolemba m'mawa, kumapeto kwa Julayi, kutatsala masabata atatu kuti chilango chithe. Bwalo linakumana mwamsanga. Ena anadandaula, koma anagwirizana kuti lamulo silingapindidwe chifukwa cha munthu mmodzi. Maliro adzaikidwa Lachitatu masana, osalowa m'tchalitchi, opanda yunifolomu, opanda nyimbo.

Lachitatu m'mawa ndinapita ndi Amai Lyness kukatenga chovala. Febian anatipatsa kiyi imene amai ake ankaimanga pa chingwe m'khosi. Tiranki inali pansi pa bedi, fumbi lili pamwamba pake losakhudzidwa. Ndinatsegula.

Pamwamba pa zitenge panali bulauzi yoyera, yopindidwa bwino manja ali mkati. Ndinaigwira. Inali yozizira ndi yachinyezi, mwezi umene ngakhale chitsime cha kutchalitchi chinali chitaphwa. M'mapindo mwake munali dothi lofiira losalala, ndipo inkanunkha ngati munda umene wangolimidwa kumene. Ndinaitambasula. Kukhwapa la kumanzere kunali chigamba cha thumba la ufa, chosokedwa ndi ulusi wa buluu chifukwa woyera unali utandithera. Ndinachisoka ndine, mu 1977.

Amai Lyness anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko.

"Mwina anali nazo ziwiri," anatero.

"Mwina."

"Anthu amakhala nazo ziwiri, amake Robson. Amai Abusa ali nazo zitatu."

"Inde."

"Manje muchita bwanji?"

"Anati ndiwaveke chimene ndidzapeze m'tiranki. Kolezani makala m'nsimbi."

Anakoleza, osanena nthabwala ngakhale imodzi. Ndinakung'untha dothilo kuseri kwa nyumba, ndinayanika bulauziyo pa waya kanthawi, kenaka ndinaisita. Nthunzi yake inadzaza kanyumbako. Ndinatenga theka la sopo limene linali pa shelefu, lokulunga m'nyuzipepala, ndi chigubu cha madzi ofunda.

Kumochale Amai Lyness anandigwirira beseni. Aka kanali koyamba ine kusambitsa ndekha. Ndinadzimva ndikunena, "Pepani amai, ndikutembenuzeni pang'ono." Bulauziyo inawakwana ndendende m'mapewa. Tinawafunditsa nsalu mpaka pachibwano, abambo analowa kudzawaika m'bokosi.

Kalipentala asanakhome, a Miti analowa. Bwalo linali litawatuma kudzaona kuti zonse zayenda mwa lamulo. Anaima kumutu kwa bokosi, buku lakuda lili m'khwapa.

"Amake Robson, mwawaveka chiyani?"

"Chimene ndapeza m'tiranki mwawo."

"Chitenge?"

"Nsalu ndi iyo, ba Miti. Vundukulani muone."

Anatambasula dzanja. Fungo la dothi lija linali lisanathe, ngakhale ndinali nditasita kawiri, ndipo m'kachipinda ka simenti kameneko linkamveka bwino. Ndinawaona akulikoka m'mphuno. Anayang'ana ine, anayang'ana Amai Lyness amene maso awo anali pansi, anayang'ana nkhope ya Amai Njobvu. Dzanja lawo linaima pamwamba pa nsaluyo nthawi yaitali, kenaka linabwerera ku buku.

"Khomani," anauza kalipentala, natuluka osavala chipewa.