Chikwatu chomaliza cha amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene sitolo ya ku Magaleta inatsala ndi machesi ndi singano zokha. Mchere unasowa, sopo anasowa, palafini tinkangomumvera mbiri. Akuluakulu ankati nkhondo ya kutsidya kwa malire yatseka njira za katundu, koma ankanena motsitsa mawu, chifukwa masiku amenewo munthu sankadandaula pagulu. Kumsika nako pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani, choncho bambo anangoleka kupitako.

Iwo sizinkawadetsa nkhawa. “Ife tinkadya za m'manja mwathu,” ankatero uku akusema mpini. “Nyali inali nsatsi zotunga pakamtengo. Mchere unali phulusa. Njala yaikulu ya paubwana wathu tinaipulumuka ndi zimene amayi anga anapachika kudenga, osati za m'sitolo.”

Pakhomo pathu zinalidi choncho. Tinali ndi chimanga cha makolo m'nkhokwe, mbatata ya kachewere kumunda wa kumtunda, nandolo, ndi mitengo ya manachesi kuseri kwa khola. Chimene bambo sankatchula, mwina chifukwa sankachiona, n'chakuti manja amene ankawanenawo kwenikweni anali a amayi, aNangozo.

Mvula ikamapita kumapeto, amayi ankathyola khwanya, chitambe ndi nkhwani, n'kuziwiritsa pang'ono, n'kuziyanika pamkeka. Mfutsowo ukauma ankaukulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi, mpaka ubulungire ngati dzungu. Chimenecho ndiye chikwatu. Ankapachika zikwatu kumapaso a khitchini, pamwamba penipeni pa mafuwa, kuti utsi uzizifikira tsiku ndi tsiku. Zinkada ndi mwaye, koma m'kati munkakhala ndiwo zabwinobwino mpaka chilimwe, nthawi imene kumunda kulibe tsamba. Amayi anali ndi kamangidwe kawokawo. Ankasiya kamchira ka luzi kotalika ngati chala, koti ukangokoka mfundo yonse n'kumasuka popanda mpeni.

Amayi anamwalira nyengo ya chiperoni, titangomaliza kukolola. Anadwala masiku ochepa. Popeza anali mtengwa, kwawo ku Midzemba, ife tinatsala pakhomo ndi bambo: ine ndi mlongo wanga Esinati, amene anali ndi zaka zinayi.

Chilimwe chonsecho tinadya zikwatu za amayi. Azakhali aNachisale, mlongo wa bambo, ndiwo ankabwera kudzatiphikira. Akatendera mfutso uja ndi nsinjiro, khitchini inkanunkhira ngati mwini wake wangotuluka kupita kuchitsime. Esinati anali atayamba kukana chakudya maliro atangotha, koma ndiwo zimenezi ankadya mpaka kunyambita mbale. Ankazitchula kuti ndiwo za amayi.

Zikwatu zinkachepa kumapaso kuja mpaka chinatsala chimodzi. Tsiku lina masana azakhali anakwera pamtondo kuti atsitse chimene chinatsala. Bambo anali ataima pakhomo la khitchini, khasu lili paphewa.

“Chisiyeni chimenecho,” anatero.

“Nanga anawa adyera chiyani, achimwene?”

“Kuli nandolo.”

“Nandolo anatha kale. Kapena mukunena makoko ake?”

Bambo anatsamiritsa khasu, n'kumasula okha chikwatucho, n'kupita nacho m'nyumba yaikulu. Anakachipachika pamsomali kuchipinda kwawo, chakumutu kwa bedi. Azakhali anawatsatira mpaka pachitseko.

“Achimwene, chikwatu chimakhala ndi utsi. Muno mulibe moto. Muchiwononga.”

“Ndamva.”

“Simunamve. Makutuwo mwangovala.”

Kuyambira pamenepo tinkadyera therere ndi masamba a chinangwa othira chidulo. Ine ndinkameza chifukwa ndinali wamkulu. Esinati ankatapa kawiri n'kudzuka. Ndinkamupeza ataima pachitseko cha chipinda cha bambo, chala chili m'kamwa, maso ali pamsomali paja.

“Ababa, ndiwo za amayi.”

“Mawa, mwanawe.”

Mawa limenelo linatalika. Sindinawaonepo bambo akulira, ngakhale kumanda. Chimene ndinkaona n'chakuti m'mawa uliwonse asanapite kumunda ankaika chikhato chawo pachikwatu paja kwa kamphindi, monga mmene munthu amagwirira mwana pamphumi kuti amve ngati watentha thupi. Akatero ankatenga chipewa n'kutuluka. Nthawi imeneyo ndinkawaona ngati munthu woumira. Ndinkadzifunsa kuti munthu angamane bwanji mwana wake masamba.

Mvula inabwera. Denga la udzu linkadontha chakumutu kwa bedi komweko, ndipo bambo anangosuntha bedi, chikwatu n'kuchisiya pamsomali pake. Nkhwani watsopano unamera, Esinati analeka kupempha. Chaka chimenecho pakhomo pathu palibe anafutsa. Azakhali anali ndi banja lawo, ndipo bambo ankati kufutsa ndi ntchito ya akazi.

Chilimwe chotsatira Esinati anadwala chikuku. Anagona pamkeka pakhonde, maso ali ofiira, milomo itang'ambikang'ambika. Phala ankalavula. Madzi a manachesi ankakana. Tsiku lina chakumadzulo azakhali akumunyengerera ndi supuni, anatembenuza mutu n'kunena motsika kwambiri, “Ndiwo za amayi.” Tonse tinkaganiza kuti anaiwala.

Azakhali sanapemphe chilolezo. Anasonkha moto, anateleka mphika, anasinja mtedza n'kusefa. Atamaliza anaima pabwalo, manja ali m'chiuno, n'kumangowayang'ana bambo. Bambo anakhalabe pampando kanthawi ndithu. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Potuluka ananyamula chikwatu chija ndi manja awiri, koma ndinaona kuti chinali chopepuka kwambiri. Anachiika palichero, anagwada, n'kukoka kamchira kaja. Mfundo inamasuka bwinobwino monga mwa masiku onse. Masamba a msuku anayoyoka. M'kati munali fumbi lotuwa ndi chuku, ndipo tizilombo tinayamba kumwazikana palichero ponse. Fungo lake linali la nsalu yoiwalidwa pamvula.

Bambo anayamba kufufuza ndi zala m'fumbimo, pang'onopang'ono, kuti mwina apeza tsamba ngakhale limodzi. Anafufuza mpaka m'mphepete mwa lichero. Kukhitchini madzi ankabwadamuka. Esinati anali atadzutsa mutu, akuyembekeza.

Azakhali anatembenuka. Anapita kukaphula mphika.

Bambo anayang'ana ine, mwina chifukwa sakanatha kuyang'ana Esinati. “Amayi anu anamangira inu,” anatero. “Ine ndasungira tizilombo.”

Anakataya fumbilo kuseri kwa khola. Luzi anapinda n'kuika m'thumba la malaya.

Azakhali anathamangira kwawo kukatenga mfutso wawo, anaphika, n'kumuuza Esinati kuti ndi womwewo. Mwanayo analawa kamodzi n'kukankha mbale. Anachira ndithu, patapita masiku, koma ndiwo za amayi sanazitchulenso.

Mvula yotsatira ikutha, bambo anayala mkeka pabwalo n'kuyamba kuyanika khwanya. Amuna odutsa pamsewu ankaima.

“AChisale, kodi mawa tikupezani mutamanga chitenje?”

“Pobwera mutenge chanu,” ankayankha osadzutsa mutu, “tidzamange tonse.”

Zikwatu zawo zinkakhala zopindika ngati chinangwa, ndipo pomasula pankafunika mpeni. Koma ankazipachika pautsi, ndipo mvula isanagwe ankaonetsetsa kuti zonse zadyedwa. Anafutsa chaka chilichonse mpaka pamene nyamakazi inawaletsa kugwada. Za m'manja mwathu zija ankazinenabe, koma tsopano ankawonjezera kuti, “Manja ake anali a amayi anu.”

Esinati lero ndi mayi wa ana atatu. Amati sakumbuka chilichonse cha amayi, kaya nkhope, kaya mawu. Nditakula ndinkadziuza kuti mbale imodzi ya ndiwo sikanasintha zimenezi. Nditapita kukoleji nkhaniyi ndinkaifotokozera anzanga ngati chitsanzo cha kusadziwa kasungidwe ka chakudya. Ndinkaganiza kuti phunziro lake ndi utsi.

Mkazi wanga Rute anamwalira chaka chino, zokolola zili m'munda. Ndimaphunzitsa ku Zalewa, m'nyumba ya malata, ndipo ndinatsala ndi mwana mmodzi, Tadala, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Rute sankamanga zikwatu. Mfutso wake ankasunga m'zitini za mkaka. Pokonza m'khitchini maliro atatha ndinapeza chitini chimodzi chodzaza, chivindikiro chake atachimanga ndi kansalu kong'amba pachitenje chake chakale. Ndinachichotsa pashelefu n'kukachiika pamwamba pa kabati ya zovala kuchipinda. Sindinaganize kanthu pochita zimenezi. Ndinkangofuna kuti chikhale pamene wina sangachifikire.

Lamlungu lapitali titabwera kutchalitchi, Tadala analoza pamwamba pa kabati.

“Adadi, muja muli mfutso wa amami, eti?”

“Eya.”

“Tiphika liti?”

“Mawa,” ndinatero.

Mawuwo anatuluka ndi liwu la bambo. Ndinakhala pabedi mpaka mwanayo anayamba kundiyang'ana modabwa. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti bambo sanali woumira, ndiponso sanali mbuli. Za utsi ankazidziwa, azakhali anawauza ine ndikumva. Kungoti malinga chikwatu chinali pamsomali, panali patatsala chakudya chimodzi chimene mkazi wawo anali asanatipatse, ndipo iwo sankafuna kuti tsiku limenelo lifike n'kudutsa.

Ndinatsitsa chitini. Kansalu kanandivuta kumasula. Mfutso unali wabwinobwino, wouma, wonunkhira dzuwa. Ndinaunyika, ndinateleka pambaula, ndinathira nsinjiro mmene ndinkaonera Rute akuchitira. Tinakhala pamkeka awiriwiri.

Tadala anatapa, anatafuna nthawi yaitali.

“Amami sankathira madzi ambiri chonchi,” anatero.

“Ankathira bwanji?”

“Pang'ono. Ndiye ankathira tomato pomaliza, osati poyamba.”

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinamuthirira zina, ndipo anadya zonse. M'chitinimo mwatsala wokwana kuphika kawiri kapena katatu. Wakufa satisiyira chakudya kuti tizimulondera nacho, amasiya kuti ana adye akadali kukumbuka mwini wake. Loweruka likubwerali ndiphikanso, ndipo tomato adzathira ndi Tadala.