Mzere umene ndinaudumpha pa katoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amalume anga, Che Saidi, anaganiza zolumikiza okha kompyuta. Ku Lungwena kwathu iwo ndiwo ankajambula maukwati, koma akajambula ankapita kwa anthu ena ku tauni ya Mangochi kuti akawakonzere vidiyoyo, ndipo kumeneko ankawazungulitsa mwezi wathunthu. Ulendo uno kuchedwa kunali kosatheka. Achemwali anga anali atangokwatiwa kumene, ndipo achimwene athu a Yusufu, amene anatilera ndi thukuta la ku Joni, analephera kubwera. Mnzawo wina ankabwerera ku Joniko Lachisanu, ndiye ankayenera kuwatengera vidiyo ya ukwatiwo pa fulashi.

Zipangizo zina amalume anali atatolatola kale, zonse zogwiritsidwapo ntchito. Chotsala chinali girafiki khadi, kachipangizo kothandiza kompyuta kuyendetsa zithunzi mosadodoma. Lolemba tinakwera matola, kupanikizana ndi madengu a usipa mpaka ku tauni. Ananditenga pa chifukwa chimodzi: Chiarabu cha ku madarasa ankachiwerenga osapunthwa, koma Chingerezi ayi ndithu.

Kashopu kake kanali kotentha, konunkha waya wopsa. Mwini wake anatulutsa makhadi awiri amene thumba la amalume likanakwanitsa. Ina inali yaing'ono, yopyapyala, ya kafani kamodzi. Inayo inali chinthu! Yofiira, yolemera, mafani awiri. Ine nthawi imeneyo ndinali wamisala ndi gemu ya mpira. Anyamata a pa msika ankasewera, ine mtsikana n'kumangosuzumira pa zenera. Nditangoiona yofiirayo, mtima unanena kuti basi, anyamata aja adzandigwadira.

"Asiyatu, iwe wa sukulu, tawerenga pa katonipa utimasulire," anatero amalume.

Ndinawerenga mokweza, monyadira. Kenako ndinafika pa mzere wonena kuti khadi yaikuluyo imafuna magetsi amphamvu. Kwathu tinali ndi sola imodzi, batire ya galimoto ndi kainveta kamene kankalira ngakhale mukalumikiza mawailesi awiri. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, solayo ndinkapukuta ndine. Ndinadumpha mzerewo.

"Akuti yaikuluyi ndiye ya mavidiyo," ndinatero.

Amalume anandiyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu. Anagula yofiira.

Lachiwiri m'mawa dzuwa litakwera amalume anaimanga khadiyo, kompyuta n'kuyaka bwinobwino. Nkhope ya achemwali inaoneka ikumwetulira, amayi mpaka nthungululu. Koma amalume atangoyamba kukonza vidiyoyo, mafani aja anabangula, inveta inalira, zonse n'kuthima. Anayesanso, chimodzimodzi. Lachitatu anabwereka batire ina kwa msodzi wina, anaisenza okha pa njinga thukuta lili kamukamu, koma sizinathandize. Ine ndinkangoyendayenda pabwalo. Lachinayi amalume anabwerera ku tauni kuti akasinthe, n'kupeza shopu yotseka, mwini wake ali ku maliro ku Makanjira.

Lachisanu mnzawo wa achimwene ananyamuka chimanjamanja.

Atachoka ku mzikiti masana, amalume anaimbira achimwene. Foni yawo inali yaphokoso, ndiye ndinamva zonse ndili kuseri kwa chitseko.

"Yusufu, undikhululukire. Ndinagula chinthu choposa msinkhu wanga. Wolakwa ndine."

Achimwene anati, "Palibe kanthu amalume. Komano tangondiuzani, mlongo wangayo anavala diresi ya mtundu wanji?"

Apo ndiye ndinalira. Nditatuluka ndinawapeza pakhonde akubweza khadi m'katoni mwake, akuikulunga mosamala ngati mazira. Ndinagwada.

"Amalume, ndinadumpha mzere. Unali wonena za magetsi. Ndimafuna gemu ya mpira."

Anasiya kukulunga. Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndikanaimva kukoma. Iwo anangovula kofiya, n'kukanda m'mutu.

"Ndinaona," anatero. "Pakamwa pako panaima koma maso ankayendabe. Ine ndimayesa mawuwo akukuvuta, ndiye sindinafune kukuchititsa manyazi pamaso pa bambo uja." Kenako anaseka pang'ono. "Mpira! Iwe Asiyatu, wandisenzetsa batire lija chifukwa cha mpira?"

Sanauze aliyense, ngakhale amayi. Sabata yotsatira tinapitanso limodzi kukasintha. Kakhadi kakang'ono kaja kanagwira ntchito mwakachetechete, vidiyo n'kutheka tsiku limodzi. Koma munthu wopita ku Joni sapezeka tsiku lililonse. Achimwene anaonera ukwati wa mlongo wawo patatha miyezi iwiri.

Lero ndimalumikizira anthu makompyuta konkuno ku Mangochi. Wina akabwera maso ali pa khadi yonyezimira, ndisanatchule mtengo ndimayamba ndafunsa kuti kwanu magetsi ake ndi otani, nanga kompyutayo mukufuna izikagwira ntchito yanji. Ambiri amatuluka ndi yaing'ono, ena akung'ung'udza, ndipo amayi achikulire akandipatsa pepala kuti ndiwawerengere ndimawerenga mpaka timalemba ta pansi. Amalume anakalamba, kamera anaisiya, ndipo nkhaniyi akaikumbuka amaseka mpaka kutsokomola. Ine sindiseka kwenikweni. Chimene ndinachimvetsa nditakula n'chakuti mu shopu muja, pa mphindi imodzi yomweyo, ine ndinkawanamiza, iwo akundibisira manyazi.