Ntchentche za bambo anga

Bambo anga anakalambira pa ntchito yomanga ntchentche. Anzanga a kuchipatala amaseka ndikanena zimenezi, koma ndi zoona. Pa kafakitale kena ku Limbe ankakhala pabenchi ndi timbedza, ulusi ndi nthenga za nkhanga, n'kumamanga tinthu tofanana ndi tizilombo touluka. Tinthuto tinkapita ku Ulaya m'mabokosi, kumene azungu amanyengera nato nsomba ya m'mitsinje yozizira yotchedwa tirawuti. Bambo eni akewo sanaonepo nsomba ikumeza ntchentche yawo. Ankati iwo ndi wophika wosalawa.

Pamene ndinawaitanitsa kuno ku Romford, ku London, kuti adzaonane ndi madokotala, manja awo anali atayamba kale kunjenjemera. Kapu ankaigwira ndi manja awiri, tiyi n'kumatayikabe. Madokotala ananena zimene ine namwino ndinkazidziwa kale: matendawa sachira, amangokulirakulira. Tikiti yawo yobwerera inali ya Januwale. Tsiku lina anatulutsa m'sutikesi kachitini ka ntchentche zomaliza zimene anamanga manja asanawapandukire.

"Mwanawe, ndisanabwerere ndione nsomba ikudya imodzi mwa izi. Imodzi yokha basi."

Mwamuna wa mnzanga wa kuntchito anandibwereka ndodo yowedzera n'kundilozera kamtsinje kena kummwera kwa London. Layisensi ndinagula pafoni. Munali mu Ogasiti, kunja kukutentha, ndipo ndinali wokonzeka kupita sabata yomweyo. Bambo anakana.

"Nsomba ya mumtsinje imakwera ndi mvula. Mpasa sunaumvepo? Madzi akaphwa, nsomba imaona mthunzi wa munthu. Tidikire mvula."

Sindinatsutse. Ine ndi nsomba timangodziwana m'mbale.

Mvula yeniyeni inayamba mu Okutobala. Tinakwera sitima ya Elizabeth line, kenako sitima ina, kenako basi, Bambo atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa changa chaubweya. Kamtsinjeko kanandikhumudwitsa. Kanali kakang'ono, kodutsa kuseri kwa nyumba za anthu, ndipo masamba achikasu ankagweramo osalekeza. Koma madzi ake anali oyera mbee, timiyala tapansi tikuoneka. Bambo ndiwo anayamba kuiona nsombayo, itaima m'madzi moyang'ana kumtunda, mchira wokha ukugwedezeka. Anandigwira mkono.

Kenako inayamba nkhondo yolowetsa ulusi pa kabowo ka mbedza. Anayesa, anayesanso. Ulusi uku, mbedza uko. Nditatambasula dzanja anandikankha ndi chigongono. Ndinaima pambali n'kumaonerera munthu amene ankamanga tinthuti akucheza osayang'ana n'komwe, tsopano thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Zinandipweteka kwambiri, ndipo panalibe choti ndichite.

Tili pomwepo panatulukira mzungu wachikulire ndi galu wake. Anayamba ndi kupepesa, monga amachitira anthu a kuno akafuna kukuuza zoipa. Anati nyengo yowedza tirawuti inatsekedwa kumapeto kwa mwezi wathawo. Nsombazi zikukonzekera kuikira mazira m'timiyala tija, ndipo lamulo silola kuziwedza mpaka Epulo.

Mtima unandiphulika. Ndinamuonetsa layisensi ngati kuti anali asanaionepo chibadwire. Ndinamuuza za Limbe, za manja, za tikiti ya Januwale. Anamvetsera zonse, galu akununkhiza nsapato za Bambo. Anati ndi zachisoni kwambiri, koma lamulolo sanaike ndi iye, ndipo n'lomwe lasunga nsomba m'kamtsinjeka. Ndinkafunitsitsa kuti akhale munthu wamwano kuti ndipeze womutukwana. Sanali wamwano.

Atapita ndinati, "Bambo, palibe akutiona. Five minutes yokha, tiponye."

Chizungu chonse chija anali atachimva. Anapukusa mutu.

"Ndiye kuti zili m'chikuta. Munthu salowa m'chikuta atanyamula mbedza."

Anakhala pabenchi, kachitini kali pamwendo. Patapita kanthawi anandifunsa ngati ndinali ndi chowengera zikhadabo m'chikwama. Anandiuza kuti ndithyole nsonga za timbedzato. Sitiwedza, anatero, tingoipatsa ilawe. Ndinayamba kuthyola imodziimodzi, ndipo chowengeracho chinagumuka mano. Yoyamba anaponya okha ndi dzanja, yopanda ulusi, inagwera pa nsapato yawo. Zotsalazo ndinaponya ine, kumtunda kwa nsomba ija, monga ankandiuzira.

Ntchentche inkatera bwinobwino n'kumayandama. Koma mphepo ikangowomba, masamba ankakhuthuka pamadzi, ndipo kanthu kanthengako kankasowa pakati pawo. Mvula nayo inayamba kuwaza. Paliponse pamadzi panali timagudumu, osadziwa kuti aka ndi ka dontho, aka ndi ka pakamwa pa nsomba.

"Yadya?"

"Sindinaone, Bambo."

"Iwe maso ako ndi abwino. Yang'anitsitsa."

Ndinayang'anitsitsa mpaka misozi. Kunama ndikanatha, koma Bambo amandidziwa kuyambira ndili wa matewera. Tinaponya mpaka m'chitini munatsala imodzi, ndipo nsomba ija inali itachoka kale. Yotsalayo anandiletsa kuithyola. Anatseka kachitini n'kundipatsa.

"Epulo udzabwere. Udzandiuze."

Anabwerera mu Januwale. Epulo atafika ndinapita ndekha ndi ndodo yobwereka ija. Kuponya ntchentche kuli ndi luso lake, ndipo ine ndilibe. Ulusi unandizinga m'khosi, unakola udzu, ndipo pomaliza unakwera mumtengo wowerama pamadzi n'kuduka. Ntchentche ya Bambo inatsalira panthambi. Ndinayesa kuigwetsa ndi ndodo, osafikira. Ndinapitakonso kangapo, ikadali pomwepo, ikulendewera pamwamba pa nsomba, nthenga zake zikufwifwa.

Masiku ano Bambo foni sangathe kuigwira. Mng'ono wanga ndiye amawaikira pakhutu, ndipo mawu awo achepa moti ndimazimitsa wailesi kuti ndiwamve. Safunsa za ntchito kapena za kuzizira.

"Yadya?"

"Sinadye, Bambo."

Ndimangomva kupuma kwawo.

"Usataye mtima, mwanawe. Dikira mvula."

Ndimati chabwino, Bambo, ndidikira.