A Liwiro ndi Makina Opetera Mabaji

Tinkawatchula kuti a Liwiro, ndipo dzinalo sanalikane. Pa shopu yathu yosoka mayunifolomu, iwo ankasoka manja a malaya, ine n'kumalumikiza manjawo, kenako n'kupatsira achemwali a makolala. Madala odula nsalu anali ndi tebulo lawo lalitali pafupi ndi khomo, ndipo kumapeto kwa mzere kunali achimwene a simbi, omwe ankasita ndi kupinda.

A Liwiro anabwera pa shopupo amuna awo atawathawa, n'kuwasiyira mapasa aakazi ongoyamba kuyenda. Kusoka anaphunzirira pa makina opalasa a azakhali awo, ndiye atakhala pa amagetsi panalibenso wowagwira. Manja a malaya ankaunjikana pa tebulo langa mpaka kugwera pansi. Abwana akamadutsa ankayang'ana muluwo, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Achemwali, tachepetsaniko moto," ndinawauza tsiku lina. "Mukundichititsa manyazi."

"Ine sindinabwere kudzakalambira pa manja a malaya," anayankha osadzutsa mutu. "Ndikufuna shopu yangayanga."

Sankabisa. Nthawi yopuma, ife tikamaseka nthabwala za madala, iwo ankadya mothamanga n'kukakhala pakona kumapeta timaluwa pa zidutswa za nsalu. A makolala ankatitsina n'kunong'ona kuti, "Asiyeni abwana a mawa." Kunena zoona, sitinkawakonda kwenikweni.

Chaka china abwana anagula makina opetera mabaji a sukulu. Ogulitsawo anati munthu mmodzi apite kumzinda wina akaphunzire kagwiritsidwe kake kwa miyezi ingapo. A Liwiro anapempha kuti apite iwo, koma abwana anakana. Sukulu zinali pafupi kutsegulira, maoda anali mbwee, ndiye munthu wachangu chotero sakanachoka. Anati angolemba wina wodziwa kale.

Masana amenewo makina a mnzathuyo anayenda pang'onopang'ono koyamba. Ndinaona misozi ikudonthera pa nsalu yoyera, iwo n'kumaifufuta ndi chala kuti isasiye banga.

Amene anayamba kulankhula ndi madala. Anaika lumo pansi n'kunena kuti, "Abwana, alekeni apite. Mwina makutu athu angapumeko." Tonse tinaseka, koma iwo sanali kucheza. Anati azidula nsalu m'mawa, masana azikhala pa makina a mayiyo. Ine ndinati ndizilawirira. A makolala anang'ung'udza kaye, kenako anati mapasa azikakhala kwawo.

"Musaganize kuti ndikuchitira inu," a makolala anawauza a Liwiro. "Ndikuchitira anawo."

Abwana anakanda m'mutu, n'kuvomera.

Sinali nyengo yophweka. Madala ankasoka manja akumanzere okhaokha n'kumanamizira magalasi. Achimwene a simbi, omwe anadzipereka kusokerera mabatani, anadzibaya zala zonse. Misana inatiwawa, tinakanganapo, ndipo oda imodzi itachedwa ahedi a sukulu imene inatipatsa odayo anatikalipira pakhomo anthu odutsa akumva. Koma ntchito inatha.

A Liwiro atabwerako anafikira pa shopu, chikwama chili kumutu. Anapeza mapasa akusewera pansi pa tebulo la madala, atanenepa, atavala timadiresi tofanana timene a makolala anawasokera. Anakhala pa mpukutu wa nsalu n'kulira mokweza, osachita manyazi. Atatonthola anayang'ana zala za achimwene a simbi n'kufunsa kuti, "Mabataniwo munkasokerera pa malaya kapena pa inu?" Kanali koyamba kuwamva akuseka nafe.

Sabata yomweyo anayamba kutiitana mmodzimmodzi pa makina atsopano aja, abwana asanawatume n'komwe. Ine ndinkaopa ngakhale kuwakhudza. Anandigwira dzanja, n'kundionetsa pokoka nsalu kuti isakwinyike ndi posinthira ulusi. Ndikalakwitsa ankapsa mtima, koma sankachoka.

"Simukuopa kuti tikulandani ntchito?" ndinawafunsa.

"Landani, mayi. Ine ulendo wanga ulipobe. Koma sindingachoke kukusiyani chimanjamanja."

Changu chawo sichinathe, kungoti tsopano akaona kuti wina wapanikizika ankakoka mpando n'kudzamuthandiza, uku akumunena kuti ndi waulesi.

Patapita zaka anatseguladi shopu yawo tsidya lina la msewu womwewo, yosoka madiresi a ukwati. Tsiku losamuka, madala ndi achimwene a simbi ananyamula makina awo kuwolotsa msewu, galimoto zikuimba mahutala. A makolala anakhala sabata osawalankhula a Liwiro, akuti anthu ena akakhuta amaiwala. Kenako anapita kukawasokera makatani.

Ine ndi amene ndinatsala pa makina a mabaji. Bondo langa litayamba kuvuta, ntchito yolumikiza manja sindikanaithanso, ndipo popanda luso limeneli bwenzi ndili kunyumba. Ana anga onse atatu amaliza sukulu ine ndikupeta mabaji a ana a anthu ena.

Sabata yatha a Liwiro analowa mu shopu mwathu osaodira, atakumbatira nsalu yofiirira yambiri moti sankaona kutsogolo. Anali atalandira ntchito ya ukwati wa operekeza ambirimbiri, yoti sakanaitha okha.

"Ndani ali ndi manja lero?" anafuula.

Tinayang'anizana, n'kuyamba kusuntha matebulo.